Za ka lathe kakang'ono kotchipa

Achimwene a ku Mchinji, mwafunsa ngati ka lathe (kamakina kosemera mtengo mouzunguliza) kotchipa kaja kangaseme miyendo ya mipando ndi timbale. Kangathe ndithu koma kanyamuleni kaye mumve kulemera, kopepuka kamanjenjemera mukangomangapo mlombwa kapena mbawa ndiye tchizulo imangodumpha, ntchito n'kutuluka yokhakhala. Tengani ka cast iron, chitsulo cholemera chija, mota yake isachepere 500W. Pa sipidi ine bola kosintha ndi lamba, kosintha ndi tamabatani kaja kabodi kake ka zamagetsi kakapsa ndi kuthimathima kwa magetsiku muvutika kukapeza, pomwe lamba ndi ma bearing mugula pa boma pompo. Funsaninso ngati ndi ka 230V, zambiri zochokera ku America ndi za 110V. Miyendo ya tebulo yokha mwina siilowa, muyeze kaye kutalika.