Funsani Tikuyankheni: Ana a pamkombaphala akusala mnzawo wachialubino, ndichitenji?

FUNSO

Akonzi, ndine mlezi pa sukulu ina ya mmera mpoyamba m'boma la Dedza, ndipo ana amene ndimawasamalira ndi a zaka zitatu mpaka zisanu. Chaka chino tinalandira mnyamata wa khungu lachialubino, koma anzake ena amakana kugwirana naye manja poimba nyimbo, ndipo nthawi ya phala palibe amene amafuna kudyera m'mbale imene iye anadyerapo. Palinso ana ochepa amene kwawo amalankhula Chiyao, omwe amasekedwa akayesa kulankhula Chichewa. Ine ndimawauza kuti tonse ndife amodzi, ndipo wofunsa za khungu la mnzakeyo ndimamukalipira, koma zinthu sizikusintha. Kodi ana aang'ono chotere angaphunzitsidwe kulemekeza anzawo osiyana nawo, kapena ndidikire kuti akule?

Mlezi wodandaula, Dedza

YANKHO

Mayi, musadikire kuti akule, chifukwa msinkhu umene muli nawowu ndi umene mwana amayamba kuona kuti anthu amasiyana ndi kusankha amene angamuyandikire. Izi zinadziwika kale. M'zaka za m'ma 1940, akatswiri awiri a ku America, Kenneth ndi Mamie Clark, anaonetsa ana achikuda a zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri zidole zosiyana khungu ndi tsitsi basi, ndipo ambiri mwa anawo ananena kuti chidole choyera ndicho chabwino. Anawo sanabadwe ndi maganizo amenewa, koma anawatola kwa anthu owazungulira asanafike n'komwe pa msinkhu wodziwa kuwerenga.

Cholinga chanu n'chabwino, koma njira yokalipira mwana wofunsa ndi imene ikukubwezerani m'mbuyo. Mwana ali ndi maso, ndipo akuona bwinobwino kuti khungu la mnzake silifanana ndi lake. Akafunsa, inu n'kumutseka pakamwa, chimene amaphunzira n'chakuti nkhaniyo ndi yoopsa kapena yochititsa manyazi, ndipo yankho amakalipeza kwa anthu ena amene angamuuze zabodza. Muyankheni mwachidule ndi nkhope yomasuka, monga mungayankhire funso lokhudza mvula. Mungamuuze kuti m'thupi mwa munthu muli chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo mnzawoyo anabadwa nacho chochepa kwambiri, basi. Muonjezere kuti si matenda opatsirana, ndipo kumugwira dzanja kapena kudya naye sikungasinthe khungu la munthu aliyense. Koma musamuimike mwanayo kutsogolo kwa anzake kuti akhale chophunzitsira, chifukwa kumeneko ndi kumusala mwa njira ina.

Inu mwini muyenera kuidziwa nkhaniyi mokwanira kuposa mmene mungawauzire anawo. Chinthu chodetsa khungucho madokotala amachitcha melanin, ndipo mwana amabadwa wachialubino pamene bambo ndi mayi onse awiri ali ndi chibadwa chimenechi m'thupi mwawo, ngakhale iwowo khungu lawo likhale lakuda. Choncho si tsoka, si chilango, ndiponso si chizindikiro chakuti mayi anayenda njira zolakwika, monga amanenera ena m'midzi. Kalembera wa anthu wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu achialubino oposa 134,000, ndipo m'chaka cha 2021 anthu a dera la kumpoto chakum'mawa kwa Nkhotakota anasankha a Overstone Kondowe kukhala phungu wawo, woyamba wachialubino kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lino. Ana a zaka zinayi za uphungu sangazimvetse, koma makolo awo angathe.

Tsono ana a msinkhu uwu amaphunzira zambiri poona kusiyana ndi pomva, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Pa nthawi ya nyimbo, inuyo mukhale woyamba kugwira dzanja la mnyamatayo tsiku lililonse, ndipo mbali inayo muike mwana amene anzake amamutsatira kwambiri, pakuti pa gulu lililonse la ana pamakhala mmodzi wotere. Pa nthawi ya phala, mbale zonse zitsukidwe pamodzi ndi kugawidwa mosayang'ana kuti dzulo anadyeramo ndani, ndipo masiku ena mnyamatayo ndiye azigawira anzake masipuni. Muziyang'anitsitsanso akamasewera masanje, chifukwa kumeneko ndi kumene mtima wa ana umaonekera poyera: mwana wosalidwa nthawi zonse amapatsidwa udindo wa fisi kapena wa galu, pamene ubambo ndi umayi umapita kwa omwewomwewo. Musaletse masewerawo, koma muwauze kuti maudindo azisinthana, ndipo muone kuti nayenso tsiku lina wakhala mfumu ya mudziwo.

Kulemekeza kusiyana sikutanthauza kuchitira ana onse zofanana ndendende. Khungu la mnyamatayu limapsa msanga ndi dzuwa, zimene pakapita zaka zimabweretsa khansa ya pakhungu, choncho amafunika chipewa chachikulu, zovala za manja aatali ndi mafuta oteteza khungu, omwe makolo ake angafunse ku chipatala cha boma kapena ku bungwe la anthu achialubino la APAM. Ana ambiri otere saonanso bwino patali, ndiye mumuike pafupi ndi inu mukamaonetsa zithunzi. Komabe musamukhazike yekha pamthunzi anzake akuthamangathamanga padzuwa. Dzuwa likakula, samutsirani masewera onse pansi pa mtengo kapena m'chisakasa, kuti mthunzi ukhale malo a aliyense. Ndipo poti nkhanza zochitira anthu achialubino zinakula m'dziko muno kuyambira cha kumapeto kwa 2014, gwirizanani ndi makolo ake kuti asamabwere kapena kubwerera yekha, ndipo asatengedwe ndi munthu amene simukumudziwa. Nkhani zoopsazi ndi za akuluakulu, musazikambe pamaso pa ana.

Za ana a Chiyao aja n'zosavuta kwenikweni. Amasekedwa chifukwa anzawo amawaona ngati osadziwa kanthu, choncho apatseni mpata woti akhale aphunzitsi. M'mawa wina moni akhale wakuti "Mwadzuka bwanji?", m'mawa winawo akhale wakuti "Ajimwiche uli?", ndipo ngati pali mwana wochokera kumpoto, akuphunzitseni "Mwawuka uli?". Inunso muyese kutchula mawuwo, ana akuwongoleni mukaphonya, kuti aone kuti kuphonya chilankhulo chachilendo kumagwera ngakhale akuluakulu. Pemphaninso agogo a mmodzi mwa iwo kuti abwere kudzakamba nthano kapena kudzaphunzitsa nyimbo ya kwawo. Zoterezi zizichitika kawirikawiri pakati pa sabata, osati pa tsiku limodzi lapadera lovala zovala za makolo, chifukwa chionetsero cha tsiku limodzi chimangotsimikizira ana kuti anzawowo ndi alendo. Ngati ena mwa iwo ndi Asilamu, muziganiziranso za pemphero loyambira ndi za chakudya chimene saloledwa kudya.

Chovuta koposa ndi makolo. Mwana wa zaka zinayi sangadzipekere yekha kuti mbale ya mnzake ndi yoopsa, ndipo mayina onyoza monga napweri kapena mzungudala amachokera m'kamwa mwa akuluakulu. Mukamva dzina lotere, muletse pomwepo mosakalipa, mutchule dzina lenileni la mwanayo, kenako nkhaniyo muitengere ku komiti ya makolo yoyendetsa sukuluyo. Musanaitanitse msonkhano, kambiranani kaye ndi makolo a mnyamatayo kuti mumve zimene akufuna kuti zinenedwe ndi zimene sakufuna. Pa msonkhanopo pakhale mfumu, atsogoleri a mipingo ndi a mzikiti, komanso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, chifukwa pa nkhani ya kupatsirana anthu amakhulupirira msanga wa zaumoyo kusiyana ndi mlezi. Pakapezeka kholo loumirira kuti mwana wake asakhale pamodzi ndi mnzakeyo, likumbutseni mwaulemu kuti gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo kapena ulumali, ndipo lamuloli silisiya ana kunja. Likakanabe, dziwitsani ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, yomwe imayang'anira sukulu za mmera mpoyamba. Tsiku la 13 June, limene dziko lonse lapansi lakhala likukumbukira anthu achialubino kuyambira 2015, lingakupatseni poyambira poitanitsa msonkhano wotere, koma ngati likadali kutali, uitanitseni mwezi uno.