Immunology yandikwana, ndisinthe kosi?

Mtsikana wina wa chaka chachiwiri ku yunivesite wanditumizira imelo, akuti ma cytokine (mapuloteni amene maselo amatumizirana nawo mauthenga) ndi ma CD (zizindikiro za pamwamba pa maselo) angoti pwirikiti m'mutu ndiye akuganiza zosiya kosi ya immunology, maphunziro a chitetezo cha m'thupi. Achemwali, funso lanuli landikhudza kwambiri chifukwa inenso ndinafikapo pamenepo.

Ifetu lekichala wathu anangoyamba ndi tebulo la ma interleukin (gulu lina la ma cytokine), IL-1, IL-2, IL-6 mpaka pansi, tiloweze basi, osatiuza kuti zimenezi zikuchitika pati m'thupi komanso nthawi yanji. Ndinkaloweza usiku, kukacha zonse zauluka, mpaka ndinayamba kudana nayo kosiyo. Zinasintha nditadzicheka chala n'kuchita mafinya, kenako mwanabere m'khwapa. Mnzanga wina anandifunsa kuti mafinyawo ndi chiyani kwenikweni, tinakhala pansi n'kutsatira balalo kuyambira pachiyambi. Ma neutrophil, mtundu wina wa maselo oyera a m'magazi, ndi amene amathamangira pabala msanga, ambiri amafera pompo ndipo mafinya aja ndi iwowo. Maselo ena otchedwa ma dendritic cell amatola zidutswa za kachilombo kupita nazo ku lymph node (tizigawo tozungulira tokhala m'malo ngati m'khwapa) kukaonetsa ma T cell (maselo oyera olimbana ndi tizilombo), maselo amachulukana mmenemo n'chifukwa chake m'khwapa munatupa! Tebulo lija linayamba kumveka chifukwa cytokine iliyonse inapeza malo ake.

Ndipo ndinene mosabisa, kuphunzitsa chitetezo cha m'thupi poyambira pa mndandanda wa mayina n'kulakwira ophunzira, kumawagwetsa ulesi ana anzeru. Wasayansi Metchnikoff mu 1882 anayamba ndi kuona ndi maso, anabaya kamwana ka starfish (kanyama ka m'nyanja) ndi minga n'kuona maselo akuunjikana pamalopo, mayina anabwera pambuyo. Dokotala Edward Jenner naye anapereka katemera wa nthomba (smallpox) mu 1796 asakudziwa n'komwe kuti kuli ma B cell, maselo opanga ma antibody (mapuloteni ogwira tizilombo). Ngakhale HIV imamveka bwino mukadziwa ntchito ya ma T cell okhala ndi CD4 amene HIV imawononga, chifukwa maselo amenewa ndi amene amadzutsa anzawo, chiwerengero chawo poyeza magazi chikatsika pansi pa 200 thupi limalephera kulimbana ndi matenda amene kale silinkawaopa.

Ndiye mupange bwanji

Musasiye. Tengani pepala, jambulani kachilombo kamodzi kuyambira pakhungu mpaka ma memory cell (maselo okumbukira kachilomboko), antibody ya IgM iyambe kenako ya IgG. MHC ndi mapuloteni amene maselo amaonetsera ma T cell zidutswa za kachilombo: MHC I imayenda ndi CD8, MHC II ndi CD4, kuti musaiwale, mukachulukitsa manambalawo (1×8, 2×4) konse mupeza 8. Mukamaliza mufotokozere mnzanu mokweza osayang'ana manotsi, pamene mwakakamira ndi pomwe mukawerengenso.