Giza ya m'kalavani yaing'ono: yambani mwawerenga malita a m'thanki yanu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwagula kalavani yaing'ono yogwirapo kale ntchito kuchokera ku South Africa, ili ndi thanki ya malita 50, batire limodzi la 100Ah ndi sola ya 150W padenga. Mukufunsa ngati muikemo giza yoyendera batire, giza ya gasi yotenthetsa madzi pompopompo, kapena ija ya kathanki kosunga madzi otentha. Mwatinso mumayenda atatu, inu, mayi akunyumba ndi mwana, kawirikawiri ku Senga Bay, koma mtima uli pa Nyika mu Julayi. Ine ndili ndi kalavani yonga yanuyo kuno ku Area 25, chaka chachisanu tsopano, ndipo ziwiri mwa njira zitatuzo ndinazigwiritsapo ntchito ndekha.

Ya batire ija ichotseni m'maganizo msanga, masamu ake sakulola. Kuti lita imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika mphamvu yokwana 1.16Wh (Wh ndi muyezo wa kuchuluka kwa mphamvu ya magetsi). Malita 10 kuwachotsa pa madigiri 20 kuwafikitsa pa 60 ndi 465Wh. Batire lanu papepala limasunga 1,200Wh, koma ngati ndi la asidi, ngakhale aja amawatcha deep cycle, mukamalitsitsa kupitirira theka silichedwa kufa. Ndiye mphamvu imene mungatapemo ndi 600Wh basi. Giza yadya 465Wh, nanga firiji, mababu, pampu ndi mafoni zidya chiyani? Elementi ya 200W, chitsulo chija chotenthetsa madzi ndi magetsi, imakoka ma amp pafupifupi 17 kwa maola oposa awiri, ndipo sola yanu tsiku lonse la dzuwa labwino imangobweza pafupifupi zomwe gizayo yamwa. Kukachita mitambo ya chiperoni mwagona mumdima, nyama m'firiji yawonongeka. Batire la lithium limapirira bwino, koma ndalama yake kuiponya pa kutenthetsa madzi n'kuwononga. Moto wa madzi uzichokera ku gasi, kapena ku magetsi a 230V mukafika pamalo pamene alipo.

Giza ya pompopompo ndi imene ndinayamba nayo, chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imapezeka mosavuta m'masitolo a zipangizo muno m'tauni. Moto wake ndi wamphamvu, pafupifupi 10kW kwa ija yolembedwa 6L, ndipo gasi sidya wambiri: kusamba kwa mphindi zisanu sikufika magalamu 100. Vuto lake lili pa madzi. 6L ija ikutanthauza malita 6 pa mphindi imodzi, ndipo kuti iyake imafuna madzi azithamanga ndithu. Mphindi zisanu ndi malita 30. Munthu mmodzi wasamba, m'thanki mwatsala malita 20 ophikira, otsukira mbale ndi osamba anthu awiri. Ulendo wathu woyamba ku Salima tinagona masiku atatu, ndipo m'mawa uliwonse ndinali paulendo wa kumpopi ndi zigubu. Mukati muzitseka ndi kutsegula shawa kuti musunge madzi, moto umazima n'kuyakanso, madzi amabwera ozizira kenako otentha kwambiri mwadzidzidzi. Tsiku lina mwana wanga anakuwa madzi atamuotcha paphewa. Sanapse, koma kuyambira pamenepo ndinkayamba ndamuthirira m'beseni, n'kuyesa ndi chigongono. Pampu zambiri za 12V zimaponya madzi modukizadukiza, ndiye kutenthako kumavinavina. Kathanki kakang'ono kotchedwa accumulator, koikidwa pa paipi yochokera ku pampu, kamachepetsa vutoli, koma malita 30 aja amakhalabe 30.

Dziwaninso kuti malita 6 pa mphindi amawerengera kukweza madzi ndi madigiri 25 okha. Ku Senga Bay mu Okutobala madzi a m'thanki amakhala ofunda kale, mumachita kuchepetsa moto. Ku Nyika mu Julayi madzi akalowa ali pa madigiri 10 atuluka ali pa 35, ndipo ndi mphepo ya kumeneko mudzamva ngati sanatenthe n'komwe.

Apa ndiye ndikupempheni mundimvetsetse. Giza ya pompopompo isalowe m'kati mwa kalavani, ngakhale m'kabafa, ngakhale mutasiya zenera lotsegula. Tonse tinamvapo za mabanja amene analowetsa mbaula m'nyumba nyengo yozizira, n'kutseka chitseko, m'mawa osadzuka. Mpweya wake ndi womwewo, carbon monoxide, wopanda fungo, wopanda mtundu. Moto wa 10kW m'kachipinda kochepa ngati kalavani umadya mpweya wabwino m'kanthawi kochepa, ndipo lawi likasowa mpweya ndi pamene limatulutsa poizoniyo wambiri. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, n'kugwa ali chisambire. Ngati mwasankha imeneyi, muziipachika panja, pakhoma la kalavani kapena pamtengo, kutali ndi zenera, ndipo isakhale m'kati mwa katenti kosambiramo. M'katentimo muzilowa paipi ya shawa yokha.

Chimene ndingakuuzeni kuti mugule, pa thanki ya malita 50 ndi banja la anthu atatu, ndi giza ya kathanki ya malita 10 mpaka 14, yoyendera zonse ziwiri, gasi ndi 230V. Ndi imene ndili nayo pano. Mayina odziwika pa zimenezi ndi Truma ya ku Germany ndi Hansen imene imapezeka m'makalavani ambiri a ku South Africa. Musanaitanitse, kwezani mipando yonse ndi bedi, muyang'anenso kunja ngati pali kachitseko ka malata kokhala ndi timabowo. Makalavani ena a Jurgens ndi Sprite amabwera ndi giza kale, kapena ndi malo ake ndi mapaipi okonzeratu, mwini wakale anangoichotsa.

Ubwino wake woyamba ndi wakuti moto wake ndi wotsekeredwa: imakoka mpweya panja, utsi n'kutulutsanso panja kudzera pakhoma, ndiye ikhoza kukhala pansi pa mpando popanda chiopsezo, bola yaikidwa bwino. Wachiwiri, sikukakamizani kuthamangitsa madzi. Malita 10 a madigiri 60 mukawasakaniza ndi ozizira a madigiri 20 mumapeza malita 20 osambira bwino. Mutsegule, munyowe, mutseke, mupake sopo, mutsegulenso: malita 6 kapena 7 amukwanira munthu wamkulu, ndipo kutentha sikusintha chifukwa madzi anapsa kale. Tonse atatu timasamba ndi moto umodzi. Pa gasi imatenga pafupifupi theka la ola n'kudya magalamu 50 kapena 60, kotero silinda ya makilogalamu 9 mumayenda nayo maulendo ambirimbiri, kuphika komwe. Pamalo pamene pali soketi mumayatsa elementi, ija ya 850W nayo ndi theka la ola kapena kupitirira pang'ono, ndipo magetsi akazima mumangotembenukira ku gasi. N'chifukwa chake ija ya magetsi okha, monga ka malita 5 ka 300W, sindikukulimbikitsani. Kwathu kuno simungakonze ulendo modalira kuti soketi ikakhala ndi moto.

Kuipa kwake ndi mtengo. Ndi yodula kangapo kuposa ya pompopompo, muyenera kuitanitsa kunja, ndipo poika pamafunika kuboola khoma la kalavani. Imalemeranso: madzi okha ndi makilogalamu 10 mpaka 14, ndiye ikhale pafupi ndi matayala, osati kumchira kwenikweni.

Pali china chimene mabuku a magizawa sanena chifukwa sanalembere ife. Mukakhala kunyanja mudzafuna kutunga madzi a m'nyanja kuti musunge a m'thanki. Malo ena a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, makamaka osaya okhala ndi bango ndi nkhono, muli tizilombo ta likodzo, ndipo timalowera pakhungu. Giza ya pompopompo imangofunditsa madzi kwa timasekondi, musaidalire kuti yatipha. Madzi otunga m'nyanja muziwawiritsa kaye, kapena akhale m'chigubu masiku awiri asanakhudze thupi, ndipo kumbukirani kuti ozizira osakaniza nawo aja ndi madzi omwewo. Ine m'thanki ndimathira a kumpopi okha. A pamjigo ena ali ndi mchere ndi laimu wambiri, amasiya zoyera zolimba pa elementi monga zimachitira m'ketulo. Kamodzi pachaka thirani m'gizamo viniga wosakaniza ndi madzi, akhale maola angapo, mutsukuluze bwino. Kasefa kakang'ono pampu isanakoke kamatsekereza mchenga.

Poika, gasi musamusewere. Pezani munthu wodziwadi za gasi, osati aliyense wogwira sipanala. Regulator, kachipangizo ka pasilinda kochepetsa mphamvu ya gasi, ikhale yogwirizana ndi zimene zalembedwa pagizayo. Silinda ikhale choimirira m'bokosi lake lakutsogolo lokhala ndi mabowo pansi, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi. Polumikizira paliponse pakani thovu la sopo, likachita tinthubwinthubwi ndiye kuti pakutuluka. Muzichita zimenezi mukafika paliponse pamene mwadutsa msewu wa mabampu, poti kugwedezeka kumamasula manati. Poyenda tsekani pasilinda penipeni. Gulaninso kachipangizo kolira kakamva carbon monoxide, muike pafupi ndi pogona, chifukwa chitofu nacho chimautulutsa. Ndipo musayatse elementi giza isanadzaze: tsegulani mpopi wa madzi otentha mpaka atuluke osalavula mpweya, apo ayi elementi ipsa nthawi yomweyo.

Kalavani ikamakhala pakhomo milungu ingapo, khuthulani giza ndi thanki. Madzi ofunda ongokhala amaswa tizilombo totchedwa Legionella, timene timakonda madigiri 20 mpaka 45 ndipo timalowa m'mapapo ndi nthunzi ya shawa. Mukadzazanso, moto woyamba ufike pa 60.

Ngati m'thumba simunakwane chaka chino, musathamangire kugula chinthu chimene mudzachichotsenso. Ketulo yaikulu pachitofu, ndowa, ndi kashawa ka 12V koviika m'ndowamo zimagwira ntchito bwino kwambiri: malita 3 owira ndi malita 9 ozizira akupatsani malita 12 a madigiri 40. Ku Salima ndi ku Mangochi thumba lakuda lija la malita 20 loyanika padzuwa limatentha mpaka kufuna kuthira ozizira. Sungani ndalama pang'onopang'ono ya giza ya kathanki.

Za Nyika: kampu ya Chelinda ili pamwamba kuposa mamita 2,000, ndipo mu Juni ndi Julayi usiku kumagwa chisanu mpaka udzu kuyera. Dzazani silinda kuno kapena ku Mzuzu, musanyamuke ndi yotsala pang'ono, poti gasi kukazizira kwambiri amatuluka mofooka. Muzisamba masana dzuwa lisanapendeke, ndipo ngati giza mwaizimitsa usiku, ikhuthuleni madzi angaundane m'mapaipi n'kuwang'amba. Msewu wochokera ku Rumphi ndi wafumbi ndi wogwedeza, ndiye vindikirani potulukira utsi poyenda, mukafika muvundukule musanayatse. Jambulani pansi pa mipando yanu ndi khoma la kumbali kwa thanki muike pano, ndione ngati giza ya malita 10 ingalowe popanda kusuntha pampu.