Kwa achemwali amene mwafunsa kuti munalakwanji kwa Mulungu

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba m'gulu muno, ndipo mtima wakana kuti ndingoponya "Amen" n'kudutsa. Mwati amuna anu anatisiya chaka chatha atadwala nthawi yaitali, geni yanu ya kaunjika pa Mpondabwino inagwa, mwana wa Fomu 3 ali pakhomo chifukwa cha fizi, ndiye mukufunsa kuti munalakwanji kwa Mulungu, nanga kupemphera kuli ndi phindu lanji. Mwatinso mneneri wina wakuuzani kuti ndi temberero la kumtundu, mupereke ndalama ya mbewu kuti akumasuleni. Pepani kwambiri. Ine sindine m'busa, ndine mayi wa Mvano kuno ku Chinamwali, wamasiye ngati inu nomwe.

Funso loti "ndinalakwanji" linafika kale kwa Yesu. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Onani bwino pamenepo, ngakhale za makolo anazikana, ndiye nkhani ya temberero la kumtundu ija muiyeze ndi mawu amenewa. Pa Luka 13 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, nanena kuti sanali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Kulapa anati n'kwa tonse, otsala ndi omwe. Ife a kuno kummwera tinaziona ndi maso mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atabwera, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Khoma la zidina likamwa madzi masiku angapo limagwa basi, kaya m'katimo mukugona mkulu wa mpingo, kaya wotcheza kachasu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, belo la kaunjika linakwera mtengo kwa aliyense, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Geni yanu inadyedwa ndi zimenezo, kuphatikizapo matenda a bambo aja, poti tonse tikudziwa kuti kudwazika matenda kumatha mpamba.

Za mneneriyo ndinena mosapsatira: musam'patse ngakhale 1 tambala. Elisa atachiritsa Namani anakana mphatso zake zonse. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anam'kalipira koopsa, werengani Machitidwe 8. Munthu woona mayi wamasiye, mwana ali pakhomo chifukwa cha fizi, iye n'kumapempha kandalama kotsalako, ameneyo akufuna kudya, si zina. Ndalamayo guleni ufa.

Tsopano ndikhalitse pa Yobu, chifukwa anthu amam'tchula kwambiri koma amangokumbukira kumapeto kuja anapatsidwa chuma chowirikiza. Anzake atatu atamva za tsoka lake anabwera, nakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Pamenepo anachita bwino kwambiri. Zinasokonekera atatsegula pakamwa. Anayamba kum'fotokozera chifukwa chimene akuvutikira, akuti payenera kuti pali tchimo limene wabisa, Mulungu salanga wosalakwa. Zomveka ngati za uzimu ndithu, monga ndemanga zina zimene ndaziona pansi pa uthenga wanuwu. Koma pa mutu 42 Mulungu anapsera mtima anzake aja, nati sananene zoona za Iye monga anachitira Yobu. Yobu yemwe uja anatemberera tsiku limene anabadwa! Ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti mpaka buku kutha, Yobu sanauzidwe chifukwa chake. Ife owerenga ndife tikudziwa zimene zinakambidwa kumwamba m'mitu yoyamba, mwini wakeyo ayi. Chimene analandira n'chakuti Mulungu anabwera n'kulankhula naye.

Ndiye mukandifunsa kuti mavuto anuwa akutanthauzanji, sindikupatsani yankho lophikaphika. Ndikukhulupirira mawu a pa Aroma 8:28 akuti zonse zimathandizana kuwachitira ubwino okonda Mulungu, koma ndimadana ndi kuwaponyera munthu amene misozi sinaume. Yosefe anauza abale ake kuti inu munandipangira choipa koma Mulungu anachipangira chabwino, inde, koma ananena patapita zaka zambiri, osati ali m'dzenje muja. Tanthauzo limaoneka mochedwa, ndipo lina sitidzaliona tili pansi pano. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, sunachoke. Anangouzidwa kuti chisomo chikukwanira.

Ngati pemphero likukanika, musadziimbe mlandu. Tsegulani Salimo 88. Limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, mulibe "aleluya" ngakhale mmodzi, koma lili m'Baibulo lomwelo timaliwerenga Lamulungu. Naomi atataya mwamuna ndi ana awiri anauza amayi a ku Betelehemu kuti asamutchenso Naomi koma Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wamuchitira zowawa. Yesu mwini analira pamanda a Lazaro, ndipo pamtanda anafuula mawu a Salimo 22 kufunsa chifukwa chimene Mulungu wamusiyira. Wodandaula kwa Mulungu ndiye kuti akulankhulabe naye. Amene amati "musalire, mukum'chimwira Mulungu" sindidziwa kuti amawerenga pati.

Ife pamaliro timadziwa kukhala ndi munthu. M'siwa mumadzaza amayi, nyimbo usiku wonse, adzukulu kumanda, mbale ya chipepeso ikuyenda. Pamene timalephera ndi pambuyo pake. Tikangosesa aliyense amabwerera kwawo, ndipo miyezi imene namfedwa amafunadi anthu ndi imene pakhomo pamakhala zii. Ine bambo a kwathu atamwalira, amene anandinyamula sanali olalikira bwino. Anali agogo ena a mumpingo mwathu, osadziwa n'kuwerenga komwe. Ankabwera masana ndi lichero la nandolo, n'kukhala pakhonde panga, kumasenda. Mawu awo anali oti "tandithandizani kusenda, manja angawa atopa". Manja awo sanatope ayi, ankafuna nditulukemo m'chipinda muja. Pochoka ankasiya nandolo yense. Lero ndikawerenga 2 Akorinto 1:4, poti Mulungu amatitonthoza kuti ifenso titonthoze ena, ndimaona lichero lija. Ngati imfa ya amuna anga inabala kanthu mwa ine, ndi ichi: pakhomo pa wamasiye sindidutsanso ngati sindikuona. Sindikunena kuti anafera zimenezo ayi, ndikanasankha ndikanasankha iwo.

Pali mawu ena munalemba kumapeto, oti nthawi zina mumalakalaka mutangogona osadzukanso. Amenewo sindiwadumpha. Eliya, mneneri wamkulu uja, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu napempha kuti afe, pa 1 Mafumu 19. Mulungu sanam'dzudzule. Anam'lola kugona, natuma mngelo ndi mkate ndi madzi, kawiri konse, ndipo zolankhulana zinabwera pambuyo. Idyani, achemwali, ngakhale phala lokha. Ndipo ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, maganizo ofuna kufa akubwerabwera, uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, mupite naye kuchipatala. Ife a ku Zomba tili ndi mwayi, chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili pakhomo pathu pomwe. Ndikudziwa kuti anthu amachiseka, kwina konseku akati "tipita nawe ku Zomba" amatanthauza misala. Asiyeni aseke. Kumeneko amathandizanso anthu olemedwa ndi chisoni ndi nkhawa, ndipo kuonana ndi dokotala sikuchepa chikhulupiriro, monga mmene sikuchepa chikhulupiriro kumwa mankhwala a malungo.

Zina ndi za manja. Yakobo 2 amati n'zopanda pake kuuza wanjala kuti pita mumtendere osam'patsa kanthu, ndiye mpingo wanu uli ndi ngongole kwa inu. Musachite manyazi, kauzeni akulu a mpingo kapena atsogoleri a amayi momwe zinthu zilili. Ngati ndinu a Katolika yambirani ku mphakati, ngati ndinu a Seventh Day kuli amayi a Dorika. Mutu umodzi susenza denga. Za mwanayo, pitani nokha kwa ahedi mukafunse za bursary, mukafikenso ku ofesi ya Social Welfare kwa DC, poti kumeneko ndi kumene amaona za ana amasiye. Simunanene za katundu, koma ngati achibale a malemu ayamba kuyendayenda, dziwani kuti lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu, ndipo ku Victim Support Unit ya polisi amamva nkhani zotere. Ku banki mkhonde musathamangire kutenga ngongole yaikulu pano mutu usanakhazikike, yambani ndi kakang'ono, kaya tomato kaya zitumbuwa.

Inu ena amene mwalemba "limbani mtima" m'munsimu, ambiri mwa inu mumadutsa pa Mpondabwino tsiku ndi tsiku. Ngati achemwaliwa alola, tisonkhe ya teremu imodzi, mwana abwerere m'kalasi asanatsalire kwambiri, chaka chamawa ali ndi mayeso a MSCE. Achemwali, ndilembereni ku inbox mundiuze dera limene mumakhala ndi tsiku limene mumapezeka pakhomo. Ndibwera ndi mnzanga mmodzi wa Mvano, musavutike n'kutiphikira.