Kodi ndisiye kutumiza ndalama kumudzi poti mayi anga ali pa Mtukula Pakhomo?

Kalata imene ndikuyankha lero inandipeza sabata ziwiri zapitazo, ndipo ndachedwa kuyankha chifukwa nthawi iliyonse imene ndimayamba kulemba ndimapezeka ndikulemba za agogo anga m'malo molemba za mayi a mwini kalatayo. Amene analemba ndi bambo wina amene amagwira ntchito ya zomangamanga ku Johannesburg. Mayi awo, amene akulera adzukulu anayi kumudzi, analembedwa pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, ndipo abale ena akuwauza bambowa kuti asiye kutumiza ndalama popeza boma layamba kale kuwasamala mayiwo, komanso kuti ndalama zongolandira zikachuluka pakhomo zimabala ulesi ndi uchidakwa. Akufunsa ngati asiye.

Achimwene, ndikuyankhani ndithu, koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa mawu akuti ulesi ndinayamba kuwamva ndili mwana ndipo mpaka lero sananditulukebe m'makutu.

Ine ndinakulira kwa agogo anga aakazi ku Ntchisi. Tinalipo ana asanu, atatu a mayi anga ndi awiri a mayi anga aang'ono, ndipo onse awiri anatisiya motsatizana m'zaka zimene matenda a Edzi ankasesa midzi, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere m'chaka cha 2004. Agogo anali ndi munda wokwanira kutidyetsa tonse. Chimene analibe ndi nthawi yoti aulime. Chimanga cha m'nkhokwe chinkatithera cha mu Novembala, ndipo mvula ikangogwa, pamene aliyense amathamangira kumunda kwake, agogo ankadzuka tambala woyamba asanalire n'kupita kukapalira m'munda wa fodya wa munthu wina kuti madzulo abwere ndi mbale ya ufa kapena ya gaga. Ganyuyo ankawerengera mizere, ndipo mayi wokalamba wodwala msana samaliza mizere yambiri. Akabwerako dzuwa litapendeka, manja akunjenjemera, ankalowabe m'munda mwawo ndi khasu, koma udzu unali utapitirira kale chimanga. Chaka chimenecho tinkakolola zochepa, nkhokwe inkatha msanga kuposa chaka chinzake, ndipo mvula ikabweranso ganyu ankayambanso.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinamva azibambo awiri amene ankadutsa m'njira ya m'mphepete mwa munda wathu akunena kuti munda uwu ndi wa alesi. Sanadziwe kuti ndine mwana wa pakhomopo. Ndinali ndi zaka khumi zokha, koma ndinkadziwa kuti m'mudzi monsemo munalibe munthu amene ankagwira khasu maola ambiri kuposa agogo anga. Thukuta lawo lonse linkathera m'munda wa eni.

Njala ya 2002 itafika tinagulitsa mbuzi ziwiri zimene tinali nazo pa mtengo wa nkhuku, kenako wailesi ya malemu agogo aamuna, kenako mbale ndi mapoto. Achemwali anga aakulu anasiya sukulu ali Sitandade 7 n'kukwatiwa ali ndi zaka 15, ndipo palibe anawakakamiza ndi mawu; iwo eni anaona kuti pakamwa pamodzi pakachepa ena tidya. Mng'ono wathu wotsiriza, mwana wa mayi aang'ono, anatentha thupi Lachisanu, ndipo agogo anadikira mpaka Lolemba kuti alandire ndalama ya ganyu yolipirira njinga yopita kuchipatala. Anafika naye magazi atamuthera kale chifukwa cha malungo. Ndalama imene inasowa tsiku limenelo inali yosakwana mtengo wa nkhuku imodzi, ndipo ndakhala ndikuwerengera ndalama imeneyo moyo wanga wonse.

N'chifukwa chake ndikamva munthu wokhuta akunena kuti mayi wokalamba wolera ana amasiye achita ulesi akapatsidwa ndalama, mtima wanga sukhala m'malo. Ndipo si nkhani ya mtima wokha, chifukwa funso limeneli lafufuzidwa kwa zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo kafukufuku wina wofunika kwambiri anachitikira kwathu konkuno.

Mtukula Pakhomo anayamba ngati ntchito yongoyesera m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006 mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo pofika 2018 anali atafika m'maboma onse 28. Amene amayenera kulembedwa ndi mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito wa zaka za pakati pa 19 ndi 64, kapena amene munthu wamphamvu mmodzi akusamala anthu oposa atatu. Tamvetsani bwino mfundo imeneyi, achimwene: ndondomekoyi inapangidwira nkhalamba, odwala matenda amgonagona, aulumali ndi ana olera ana anzawo. Kunena kuti anthu oterewa asanduka alesi n'kuiwala kuti analembedwa chifukwa choti pakhomo pawo mphamvu zinatha kale.

Pakati pa 2013 ndi 2015 akatswiri a ku University of North Carolina pamodzi ndi a Centre for Social Research ku Zomba anatsatira mabanja a ku Salima ndi ku Mangochi, ena olandira ndi ena amene anali asanayambe kulandira. Anapeza kuti olandirawo ankadya kangapo patsiku kuposa anzawo, ana awo ankapita kusukulu, ndipo anagula nkhuku, mbuzi, makasu ndi zikwanje. Koma chimene chinandikhudza ine ndi ichi: mabanjawo anachepetsa maganyu n'kuwonjezera ntchito m'minda yawo ndi m'timabizinesi tawo. Munthu woona patali anganene kuti mayi uja wasiya kugwira ntchito chifukwa sakumuonanso m'munda wa fodya wa abwana. Sanasiye, wabwerera m'munda mwake, ndipo mwina amene akudandaula kwambiri ndi amene wasowa womupalirira motchipa. Ndikukhulupirira kuti gawo lina la nkhani za ulesi zimene timamva m'midzi limachokera pamenepa, ngakhale onena ake sangavomere.

Za mowa nazo zinafufuzidwa. M'chaka cha 2014 akatswiri awiri, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 19 wa ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo sanapeze umboni woti mabanja olandira ndalama zotere amawonjezera kugula mowa kapena fodya. M'malo ambiri ndalama zopita ku zimenezi zinkatsika. Sindikukana kuti m'mudzi uliwonse muli munthu mmodzi amene tsiku lolandira amathera pa kachasu, ndipo ndi iyeyo amene aliyense amamukumbukira chifukwa amaimba m'njira. Amayi makumi atatu amene anagula sopo, mchere ndi makope a ana n'kubwerera kwawo mwakachetechete palibe amene amawatchula.

Zimene zatuluka posachedwa zikukhudza moyo weniweniwo. M'chaka cha 2023 magazini ya sayansi ya Nature inasindikiza kafukufuku wa mayiko 37 amene anaonetsa kuti kumene boma linayambitsa ndondomeko zopereka ndalama kwa osauka, imfa za amayi zinatsika ndi pafupifupi 20 peresenti ndipo za ana osakwana zaka zisanu zinatsika ndi pafupifupi 8 peresenti. Kenako mu 2025 kunatuluka zotsatira za ku Siaya m'dziko la Kenya, kumene bungwe la GiveDirectly linapereka madola 1,000 kamodzi kokha kwa mabanja oposa 10,000 pakati pa 2014 ndi 2017. Imfa za makanda osakwana chaka m'mabanja olandirawo zinatsika ndi 48 peresenti. Chifukwa chake sichinali chozizwitsa: amayi ambiri anakachilira kuchipatala popeza anali ndi ndalama yoyendera, ankadya bwino, ndipo ankapuma ku ntchito zolemetsa m'miyezi yomaliza ya pakati ndi atangochira. Kupuma kumeneko, kumene wina wodutsa m'njira akanakutcha ulesi, ndi kumene kunasunga ana aja. Ndinawerenga zimenezi ndikuganizira za Lachisanu lija mpaka Lolemba.

Ndiyeneranso kunena chinthu china chimene chimandivuta m'dziko lathu. Kuyambira 2005 boma lakhala likuthandiza alimi ndi feteleza wotsika mtengo, ndipo mu 2020 linakuza ndondomekoyo kukhala AIP, koma sindinamvepo munthu akunena kuti mlimi wolandira feteleza wasanduka mlesi. Ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe amalandira ma alawansi pongokhala pamsonkhano, ndipo palibe amene amawafunsa kuti ndalamazo anagulira chiyani. Ndi wosauka yekha amene timamuyesa mwana wosadziwa kusunga ndalama, chonsecho palibe munthu wodziwa kugawa ndalama yochepa ngati mayi amene wakhala akudyetsa ana asanu ndi mbale imodzi ya gaga.

Pamene ndalamazi zimaperewera

Sindikufuna kuti muganize kuti Mtukula Pakhomo amathetsa umphawi, chifukwa sathetsa, ndipo umboni wake unachokeranso kwathu. Ku Zomba m'zaka za 2008 ndi 2009 kunachitika kafukufuku wodziwika padziko lonse, pamene atsikana a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankapatsidwa ndalama mwezi ndi mwezi. Patatha chaka ndi theka, mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira, 1.2 peresenti ndiwo anapezeka ndi kachilombo ka HIV, pamene mwa osalandira anali 3 peresenti, ndipo m'gulu limene linkalandira popanda lamulo loti atsikanawo azipita kusukulu maukwati a ana ndi mimba zinachepa. Koma ofufuzawo atabwerera patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya, anapeza kuti zabwino zambiri zinali zitafufutika. Chimene chinatsala chooneka n'chakuti ana amene anabadwa kwa atsikana a m'gulu lija pa nthawi imene ndalama zinkabwera anali otalikirapo pa msinkhu wawo. Ku Siaya nakonso imfa za makanda zinabwerera mwakale ndalama zitatha. Phunziro lake kwa inu ndi lolunjika: thandizo lotere limagwira ntchito pamene likubwera, ndipo likaduka ana ndi amene amayamba kumva.

Kuchuluka kwa ndalamazo nakonso ndi nkhani. Akatswiri amati kuti zisinthe kanthu pakhomo ziyenera kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zimene banjalo limagwiritsa ntchito pa mwezi, ndipo ku Salima ndi ku Mangochi zotsatira zinayamba kuoneka bwino boma litakweza ndalamazo mu 2015. Koma mitengo ya zinthu siidikira. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti ndalama imene inkagula ndowa ya chimanga inayamba kugula timbale towerengeka. Kuwonjezera apo gawo lalikulu kwambiri la ndalama za ndondomekoyi limachokera kwa World Bank, European Union ndi mayiko a Germany ndi Ireland, ndipo kwa zaka zambiri boma lathu lakhala likulipira ndalamazi m'boma limodzi lokha la Thyolo. Tonse tinaona mu 2025 mmene thandizo la dziko la America pa zaumoyo linadukira mwadzidzidzi. Ine ndimaona kuti dziko limene limapeza ndalama zogulira akuluakulu magalimoto atsopano liyenera kupezanso zosamalira nkhalamba zake, ndipo aphungu athu tiyenera kumawafunsa za nkhani imeneyi nthawi ya bajeti.

Palinso lamulo loti m'dera lililonse alembedwe mabanja khumi okha pa zana lililonse, m'dziko limene osaukitsitsa ndi ochuluka kuposa pamenepo. Zotsatira zake n'zakuti amayi awiri amasiye oyandikana nyumba, osauka mofanana, wina amalandira ndipo wina salandira, ndipo nsanje imene imabadwa pamenepo imasanduka miseche ya ulesi ndi mowa. Mwina abale anu akulankhula chifukwa cha ululu womwewo, ndipo musawade, pakuti amene wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko.

Tsono musasiye kutumiza, achimwene. Ndalama za Mtukula Pakhomo zimawerengeredwa potengera kuchuluka kwa anthu pakhomo, n'kuwonjezerapo pang'ono pa mwana aliyense wa pasukulu, ndipo sizinapangidwe kuti zilowe m'malo mwa mwana wa munthu. Afunseni mayi anu eni ake, osati kudzera mwa abale, kuti amalandira zingati komanso kuti zimabwera liti, chifukwa nthawi zina zimachedwa. Ngati simungathe kutumiza mwezi uliwonse, limbikirani miyezi ya Disembala mpaka Malichi kuti mayi asapite kuganyu, ndipo muike padera kandalama kena koti kazikhala m'nyumba kodikira tsiku limene mwana adzatenthe thupi usiku. Wina aliyense akamawadula ndalamazo, kaya ndi wachibale kaya ndi wa m'komiti, nkhaniyo ikafike ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya kwa DC, chifukwa palibe amene ali ndi gawo pa ndalama zimenezo kupatula banja lolembedwalo. Mukadzawaimbira mayi Lamulungu likubwerali, mundiperekere moni, ndipo muwafunse ngati munda wawo wapaliridwa.