Kodi Amalawi angavotere mayi pa upulezidenti? Yankho kwa achemwali a ku Ndirande

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande amene anapempha kuti ndisatchule dzina lake. Amagulitsa kaunjika mumsika wa Limbe ndipo ndi wapampando wa banki m'khonde kudera lawo. Kalata yake inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu: "Anzanga akundikakamiza kuti ndidzaime ukhansala mu 2030. Nditafotokozera akuchimuna, alamu anga anaseka n'kunena kuti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo, ndione mmene zinathera ndi Amayi Joyce Banda. Kodi n'zoona kuti Amalawi sangavotere mzimayi pa upulezidenti? Ngati angamuvotere, msewu wake umayambira pati?"

Achemwali, tiyambe ndi alamu anuwo. Nkhani ya Amayi Joyce Banda anthu amaikamba modula. Mayiwa anakhala phungu wa Zomba Malosa, nduna yoona za jenda, kenako nduna ya zakunja kuyambira 2006. Mu 2009 a Bingu wa Mutharika anawatenga kukhala wachiwiri wawo. Pofika Disembala 2010 chipani cha DPP chinali chitawachotsa, koma udindo wa boma sakanalandidwa chifukwa anasankhidwa ndi anthu. A Bingu atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali mpungwepungwe wa masiku awiri, ena akufufuza njira yowalambalala, koma malamulo oyendetsera dziko amanena poyera kuti pulezidenti akamwalira, wachiwiri wake ndiye amalowa. Analumbira pa 7 Epulo. Choncho mpandowo anaupeza kudzera m'malamulo, pulezidenti atamwalira. Atapita kukaupempha kwa anthu mu 2014 anakhala pa nambala yachitatu, ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse.

Anagonja chifukwa ndi mayi? Mbali ina inde, ndipo sindingabise. Ife a ku Blantyre kuno tikukumbukira kuti mu 2010 a Noel Masangwi, amene anali gavanala wa DPP m'chigawo cha kummwera, ananena kuti Malawi sanakonzeke kulamulidwa ndi mzimayi. Mwambi wa ng'ombe uja unamveka paliponse nthawi ya kampeni, ngakhale pakamwa pa amayi anzawo. Koma panalinso zina zolemera. Mu Meyi 2012 boma lawo linatsitsa mphamvu ya kwacha. Mizere ya mafuta inatha, koma mitengo ya zinthu inakwera, ndipo munthu wa ku Bangwe amavota ndi mtengo wa sopo ndi thumba la chimanga. Mu 2013 kunaphulika nkhani ya Cashgate, kusolola ndalama za boma ku Capital Hill. Chipani chawo cha PP chinali chakhanda, chokhazikitsidwa mu 2011, ndipo chinadzadza ndi anthu amene anavala malaya a olenji dzulodzulo ataona kumene kwalowera mphika.

Alamu anu muwafunse funso limodzi. A Kamuzu Banda anagonja mu 1994 ali pampando. A Peter Mutharika anagonja mu 2020 ali pampando. A Lazarus Chakwera anagonja mu 2025 ali pampando. Alipo amene ananena kuti basi, ng'ombe yamphongo yalephera ngolo, tisadzavoterenso bambo? Bambo akagwa, timati wagwa uje. Mayi akagwa, timati agwa amayi onse. Ndipo zimenezi zinaonekeradi, chifukwa aphungu aakazi anali 43 mwa 193 mu 2009, koma mu 2014 anatsika kufika 32.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ine ndikuliona kuti ndilo lenileni. Tikayang'ana mu Africa muno, misewu yofikira pampandowu ndi yowerengeka. Wina ndi wa wachiwiri amene walowa pulezidenti atamwalira, monga Amayi Banda kuno ndi Samia Suluhu Hassan wa ku Tanzania mu Malichi 2021, John Magufuli atamwalira. Wina ndi wosankhidwa ndi aphungu, monga Sahle-Work Zewde wa ku Ethiopia mu 2018, kumene mphamvu zenizeni zili ndi nduna yaikulu. Wachitatu ndi wa voti ya anthu. Ellen Johnson Sirleaf wa ku Liberia anapambana mu 2005, dziko litangotuluka m'nkhondo, koma anali atagonjapo kale mu 1997 kwa Charles Taylor.

Ine amene ndimafuna kuti timuphunzire kwambiri ndi Netumbo Nandi-Ndaitwah wa ku Namibia, amene anapambana chisankho cha Novembala 2024 n'kulumbira pa 21 Malichi 2025. Mayi ameneyu analowa chipani cha SWAPO ali kamtsikana, anakhala kunja pa nthawi yomenyera ufulu, anagwira maunduna osiyanasiyana kwa zaka zambiri. Chofunika kwambiri n'chakuti mu 2013 SWAPO inasintha malamulo ake kuti pamndandanda wa maudindo pazikhala mayi, bambo, mayi, bambo, ngati mizere ya mbidzi. Mu 2017 iyeyo anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa chipani. Pamene ankafika pa balota ya dziko, nkhondo yaikulu anali atapambana kale m'nyumba mwake. Anthu anavotera chipani chimene ankachidziwa, ndipo chipanicho chinali ndi nkhope ya mayi.

Apa ndi pamene ife tatsalira. Kuno kwathu voti imatsata chipani ndi chigawo, ndipo kuyambira 2020 pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka. Munthu sangafike pamenepo ndi kachipani kongoyamba kumene. Amayi Loveness Gondwe anaimapo mu 2009, abusa Helen Singh mu 2014, Amayi Banda anabwereranso mu 2025, ndipo onsewa anaima opanda chipani chachikulu kumbuyo. DPP, MCP ndi UDF sizinaimitsepo mayi pa upulezidenti. Kodi tinganene bwanji kuti Amalawi anakana chakudya chimene sichinaikidwepo m'mbale yaikulu?

Ndipo si kuti m'zipani mulibe amayi. Pitani pamsonkhano uliwonse pabwalo la Nyambadwe kapena Njamba, muona kuti ochuluka ndi iwowo, atavala nsalu ya chipani, akuvina dzuwa lili pamutu. Mwambo umenewu tinautengera kwa mbumba za Kamuzu, ndipo ulamuliro wa zipani zambiri unangosintha mtundu wa nsalu. Komatu tinayamba bwino. Rose Chibambo, amene nkhope yake mumaigwira tsiku lililonse pa K200 mumsika wa Limbe, anasonkhanitsa amayi m'ma 1950 kuti alimbane ndi Chitaganya, anamangidwa mu 1959, anakhala mayi woyamba kulowa m'boma ngati wachiwiri kwa nduna, kenako anathawira ku Zambia nduna zitasemphana ndi a Kamuzu mu 1964. Iyeyo anali wolankhula pa msanja. Amayi obwera pambuyo pake anapatsidwa ng'oma.

Masiku ano mayi wochangamuka akalowa m'chipani amamuthamangitsira ku mpando wa mkulu wa amayi. Mipando ya mlembi wamkulu, msungichuma, gavanala wa chigawo, imene imagwira mndandanda wa nthumwi zokavota kumsonkhano waukulu wa chipani, kawirikawiri imapita kwa abambo. Pa zisankho zachipulula ndi pamene amayi ambiri amathera: malo ovotera asintha usiku, anyamata agulidwa, mayi watukwanidwa za thupi lake ndi banja lake pamaso pa ana ake. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limanena kuti polemba anthu ntchito m'boma, amayi kapena abambo asachepere 40 kapena kuposa 60 pa 100 alionse, koma silikhudza mipando yochita kuvotera. Ku Rwanda anachita kusungira amayi mipando 24 mwa 80, ndipo lero aphungu aakazi kumeneko amaposa theka. Kuno kampeni ya 50-50 imadzuka chisankho chikayandikira, n'kugonanso.

Pa za uwachiwiri, inde pano tili ndi Amayi Jane Ansah, ndipo Amayi Catherine Gotani Hara anakhala sipikala woyamba wamkazi mu 2019. Sizochepa zimenezi. Koma mpando wa wachiwiri m'Malawi muno ndi wa minga. A Cassim Chilumpha, Amayi Banda, a Saulos Chilima, onse anasemphana ndi mabwana awo. Amene amakusankha yekha amathanso kukuika pakona yekha.

Ndiye inu achemwali, ukhansala musaupeputse. Dziko lino linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, n'chifukwa chake anthu ena saudziwa kulemera kwake, koma meya wa mzinda uno amasankhidwa pakati pa makhansala omwewo. Zinyalala za mumsika, ngalande zotsekeka, timilatho ta pa Nasolo tokokoloka nthawi ya mvula, zonsezi mumazidziwa kuposa munthu wofika pa galimoto. Ndalama yolembetsera ku MEC amayi amalipira yotsikirapo, koma imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi ya maliro, mabokosi ndi matimu a mpira. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi zinthu pofuna mavoti, koma pamaliro adzakuyang'anani ndithu. Mpamba wa kaunjika muusiyanitse ndi ndalama ya ndale, ndipo ya banki m'khonde musaikhudze n'komwe.

Chachikulu, musadikire 2030. Sankhani chipani chimene mtima wanu wakhazikika nacho, mulowe m'komiti ya nthambi kapena ya dera chaka chino, ndipo akakupatsani mpando wa amayi, mupemphe wa ulembi. Amayi makumi atatu a m'banki yanuyo akhale ndi mayina m'kaundula wa ovota pa chipulula, asangokhala oimba. Alamu anuwo muwapatse ntchito yonyamula mipando pamsonkhano wanu woyamba, ndipo mudzandilembere mmene udzayendere.