Mafunso a Owerenga: Mawu a Kutali m'Wailesi za Makedzana

Mwezi uno talandira makalata angapo okhudza wailesi zakale za shotiwevu, ndipo tasankhapo atatu amene mafunso ake akuyenderana.

FUNSO: A Mkonzi, agogo anga aamuna ankakonda kusimba kuti ali mnyamata ankamva belu la ku London likulira m'wailesi ya aphunzitsi, m'mudzi mopanda magetsi. Ine wailesi yanga ya FM imazima ndikangozungulira phiri. Kodi agogowo ankanena zoona, kapena zinali nthano za pamoto? (Wowerenga wa ku Dedza)

YANKHO: Bambo, agogo anu musawakayikire. Belu limene ankamvalo ndi Big Ben, la pa nsanja ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, ndipo linkafika kuno kudzera pa mafunde aafupi (shotiwevu), aja amene pa wailesi amalembedwa kuti SW.

Chinsinsi chake chili kumwamba. Kuyambira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kukwera mpaka mazana angapo, kuwala kwa dzuwa kumachititsa kuti mpweya ukhale ndi mphamvu ya magetsi, ndipo chigawo chimenechi akatswiri amachitcha ionosphere. Mafunde aafupi akafika kumeneko amapindika n'kubwerera pansi, monga mmene mawu a munthu amabwererera akakuwa moyang'anizana ndi thanthwe. Kudumpha kumodzi kungawafikitse pa mtunda wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo akagunda nthaka kapena nyanja amanjanthanso kubwerera kumwamba, kotero kuti atadumpha kawiri kapena katatu, mawu ochokera ku England amakhala atatera ku Dedza. Mafunde a FM alibe khalidwe limeneli chifukwa amaboola chigawocho n'kupitirira, ndipo pansi pano amangofika kumene mlongoti woulutsira ukuonekera. N'chifukwa chake phiri limakutsekerani mawu.

Manambala aja 19, 25, 31 ndi 49 olembedwa pa galasi la wailesi zakale ndi utali wa funde limodzi m'mamita. Masana, mamita ochepa monga 16 ndi 19 ndiwo ankamveka bwino, pamene usiku anthu ankasamukira pa 31 kapena 49, chifukwa dzuwa likalowa chigawo cham'munsi chimene chimameza mafunde otalikirapo chimatha mphamvu.

FUNSO: Kodi ndani anatulukira kuti mafunde amenewa amafika kutali chonchi? Kusukulu tinangophunzira dzina la Marconi basi. (Mphunzitsi wa ku Chipata, Zambia)

YANKHO: Aphunzitsi, dzina la Guglielmo Marconi ndi loyenera kukumbukiridwa, koma pa nkhani ya mafunde aafupi ulemu sayenera kuulandira yekha. Pa 12 Disembala 1901, iye ali ku St John's ku Newfoundland, anamva, malinga ndi zimene analengeza pambuyo pake, chilembo cha S chimene chinatumizidwa kuchokera ku Poldhu, ku England, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Akatswiri anazunguzika mutu, popeza dziko ndi lozungulira ndipo mafunde amayenda molunjika. Mu 1902, Oliver Heaviside wa ku Britain ndi Arthur Kennelly wa ku America, aliyense payekha, anapereka maganizo akuti kumwamba kuli chigawo chobweza mafunde, koma umboni wake unadzabwera mu 1924 kudzera mu kafukufuku wa Edward Appleton, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Nobel mu 1947.

M'zaka zonsezo, makampani ndi maboma ankakhulupirira kuti mafunde aatali okha, a mamita masauzande, ndiwo angawoloke nyanja, ndipo ankamanga milongoti ikuluikulu yodya ndalama zankhaninkhani. Panalinso gulu la anthu wamba amene ankapanga mawailesi awo kunyumba mongokonda chabe, ndipo ankasokoneza mauthenga a sitima zapamadzi. Pofuna kuwachotsa m'njira, lamulo la ku America la mu 1912 linawakankhira ku mafunde a mamita 200 kutsika m'munsi, kumene aliyense ankati n'kopanda ntchito. Zinali ngati kupatsa mlendo munda wa m'miyala poganiza kuti sakololapo kanthu, osadziwa kuti chonde chili pomwepo.

Mu Disembala 1921, bungwe la anthu okonda wailesiwa ku America linatuma Paul Godley ku Scotland, ndipo iye anakhoma tenti m'munda wina ku Ardrossan, m'nyengo yozizira ndi yamvula, n'kumva mauthenga a anzake ochokera kutsidya kwa nyanja. Mu Novembala 1923, Léon Deloy wa ku Nice, ku France, anatumizirana mauthenga ndi Fred Schnell wa ku Connecticut pa mamita pafupifupi 110. Chimene ine chimandigwira mtima kwambiri ndi cha mu Okutobala 1924, pamene Cecil Goyder, mnyamata wa zaka 18 amene ankagwiritsa ntchito zipangizo za pa sukulu ya Mill Hill ku London, analumikizana ndi Frank Bell, mlimi wa nkhosa ku New Zealand, dziko limene lili kuseri kwenikweni kwa dziko lapansi ukakhala ku Britain. Mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yochepa zedi poyerekeza ndi ya makina a makampani. N'zoona kuti Marconi nayenso ankayesa mafunde aafupi pa sitima yake yotchedwa Elettra m'zaka zomwezo, koma ine ndikuona kuti ana a sukulu ayenera kuuzidwanso za mnyamata ndi mlimi uja.

Zitadziwika izi, nyumba zoulutsira mawu sizinazengereze. Mu 1927, kampani ya Philips ya ku Eindhoven, ku Holland, inayamba kuulutsa pa siteshoni ya PCJJ, ndipo Mfumukazi Wilhelmina ya dzikolo inalankhula kwa anthu ake okhala ku zilumba zimene lero ndi Indonesia. Wailesi ya Moscow inayamba kuulutsira maiko akunja mu 1929, ya ku Vatican inatsegulidwa pa 12 Febuluwale 1931, ndipo BBC inayambitsa Empire Service, youlutsira maiko olamulidwa ndi Britain, pa 19 Disembala 1932 kuchokera ku Daventry, ku England. Pa tsiku lotsegulira, mkulu wa BBC, John Reith, anachenjeza omvera kuti asayembekezere zambiri chifukwa mapulogalamu oyambirira sadzakhala osangalatsa kwenikweni kapena abwino kwenikweni, ndipo anabwereza uthengawo kasanu kuti ufike m'zigawo zosiyanasiyana za dziko pa nthawi yoyenera. Patangopita masiku asanu ndi limodzi, pa Khrisimasi, Mfumu George V ya ku Britain inalankhula pa wailesiyo kuchokera ku Sandringham.

Kumvera kwa masiku amenewo sikunali kongotsegula n'kukhala pansi. Womvera ankakoka waya wautali kuchokera padenga kukamangirira ku mtengo, n'kukhomera waya wina m'nthaka yonyowa, kenako ankavala zomvera m'makutu ndi kuyamba kupotokola kachitsulo kotcherera pang'onopang'ono, chifukwa masiteshoni ankakhala othithikana kotero kuti kusuntha pang'ono chabe kunkamuchotsa ku Holland n'kumuponya ku Germany. Mawailesi ena oyambirira anali osachedwa kusokonezeka moti dzanja likangoyandikira, siteshoni inkasowa, ndipo amisiri ankaikako zogwirira zazitali kuti dzanja lizikhala patali. Akawonjezera mphamvu mopyola muyezo, wailesiyo inkaliza mluzu umene unkamvekanso m'mawailesi a anthu oyandikana nawo. Mawu ankabwera n'kuzilala, n'kubweranso, chifukwa mafunde odutsa njira zosiyana ankafika nthawi zosiyana n'kumalimbana okhaokha, ndipo pansi pa zonsezo panali phokoso longa la mvula pa malata. Pofuna kuti omvera aziwazindikira ngakhale mawu asakumveka, masiteshoni ankaika kanyimbo kapena kulira kwa chinthu china asanayambe kuulutsa, monga ya ku Australia imene inkagwiritsa ntchito mbalame yotchedwa kookaburra, yolira ngati munthu akuseka.

Munthu akagwira siteshoni yakutali, ankalemba tsiku, nthawi, mamita ndi zimene wamva, n'kutumiza kalata ku siteshoniyo. Patapita milungu kapena miyezi ankalandira khadi lotchedwa QSL lotsimikizira kuti anamvadi, ndipo makhadiwa ankakhomedwa pakhoma ngati mmene mlenje amasungira nyanga za nyama zimene anapha. Amisiri a siteshoni nawonso ankapindula, popeza makalatawo ndiwo ankawauza kumene mawu awo akufika.

FUNSO: Amayi anga amatchula "wailesi ya sefuliya" akamakumbuka bambo awo amene ankagwira ntchito ku migodi. Kodi dzina limeneli ndi lachipongwe kapena inalipodi? (Mayi wa ku Bulawayo, kwawo ku Nkhotakota)

YANKHO: Mayi, inalipodi, ndipo dzina lake pa Chingerezi linali Saucepan Special. Boma la Northern Rhodesia linatsegula siteshoni ku Lusaka mu 1941 kuti lizifalitsa nkhani za nkhondo, ndipo nkhondoyo itatha, siteshoniyi inakuzidwa n'kukhala Central African Broadcasting Station, youlutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland (lero Zambia, Zimbabwe ndi Malawi) m'zilankhulo monga Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Dera lalikulu chotero silikanafikiridwa popanda mafunde aafupi. Vuto linali lakuti mawailesi a nthawiyo anali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi.

Harry Franklin, amene ankatsogolera nthambi yofalitsa nkhani m'bomalo, anayendera makampani a ku Britain kwa zaka zingapo kufunafuna wopanga wailesi yotsika mtengo, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready inavomera. Wailesiyo inayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5, kuwonjezerapo mashilingi 25 a batire. Chibokosi chake chinali chozungulira, cha aluminiyamu, chofanana ndi sefuliya yopanda chogwirira itaimikidwa chammbali, ndipo chinapakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. Mkati munali mavalavu anayi (timachubu tagalasi tokuza mawu), mabowo ake anatchingidwa ndi kaukonde kuti tizilombo tisalowe, ndipo inkakhazikidwa pamwamba pa batire lalikulu limene linkatha pambuyo pa maola pafupifupi 300.

Mapaundi 5 sanali ndalama yochepa kwa munthu wapamudzi, n'chifukwa chake oyamba kugula anali aphunzitsi, makalaliki, eni magolosale ndi anthu a ku migodi ngati agogo anuwo. Wailesi imodzi inkasonkhanitsa khamu madzulo kudzamva nkhani, moni wochokera kwa abale a kutali, ndi nyimbo za oimba ngati Alick Nkhata amene ankagwira ntchito pa siteshoni ya Lusaka. Koma wailesi ya shotiwevu sidziwa malire, ndipo mwini wake akapotokola kachitsulo kaja ankatha kugwiranso London, Lourenço Marques (lero Maputo) kapena Cairo; ku Cairoko n'kumene m'zaka za m'ma 1950 kunkachokera mawu otsutsa ulamuliro wa atsamunda. Bungwe loulutsa mawu la MBC linadzakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu, pamene m'nyumba zambiri anthu anali atazolowera kale kumvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Ngati sefuliya ya agogo anu ikadalipo penapake kumudzi, chonde musaitaye kapena kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo mutitumizire chithunzi chake kuti tidzachisindikize m'magazini ino.